Mkango ndi nsapato ya apongozi

Akuba atatichotsera ndowa ndi zovala zonse pachingwe kwathu ku Mpondasi ndinati basi, pano pafunika galu. Mnyamata wina wa kabaza anandibweretsera kagalu ka miyezi 2 mu katoni, akuti bwana mbeu yake ndi ya ku Joni iyi, akakula ngakhale inuyo muzidzalowa mopempha. Ndinalipira osanenelera, dzina ndinakapatsa Mkango.

Panja kamalira usiku onse ndiye madam anati kazigona m'nyumba kaye mpaka kakule. Abale inu, sindimadziwa kuti kanthu kochepa choncho kangasunge madzi ochuluka chomwecho. Pa mkeka, kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi, pafupi ndi thumba la ufa, paliponse dziwe. Ine kukalipa, iko kumangogwedeza mchira.

Tsiku lomwe ndinakatengera kwa adokotala a ziweto kukamwetsa mankhwala a njoka za m'mimba ndinadandaula kuti galuyu ndi wamwano. Anaseka kaye. Akuti si mwano, chikhodzodzo cha mwana wagalu ndi chaching'ono komanso minofu yotsekera mkodzo imakhala isanakhwime, imayamba kugwira bwino akafika miyezi 4 mpaka 6. Kuwerengera kwake akuti mwezi umodzi ola limodzi, ndiye wa miyezi 2 akapirira kwambiri ndi maola 2 kapena 3 basi. Kuwonjezera apo akangodzuka, akangomwa madzi, akasewera, komanso pakangopita mphindi zochepa atadya, mutulutseni msanga ndipo malo ake akhale amodzimodzi, akakodza mumuyamikire. Zomumenya kapena kumukhudzitsa mphuno pa mkodzo akuti zimangomuphunzitsa kukakodza kobisika. Ndiye ganizani kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala, kagalu kamangokhalira pa mbale ya madzi.

Kenako adokotala anakayang'ana miyendo nkunena modekha kuti achimwene, galu uyu sakula kwambiri, ndi mtundu waung'ono, ndipo agalu ang'onoang'ono ngakhale atakula amakodza pafupipafupi chifukwa thupi lawo limagaya zinthu mwachangu pamene posungira ndi pochepa. Mkango wanga wa ku Joni uja. Wa kabaza uja mpaka lero akandiona amakhotera njira ya kumsika.

Ndinayamba ntchito ya ulonda ine mwini, kulondera galu amene ndinagula kuti azindilondera. Alamu pafoni 2 koloko usiku, kutuluka nditafunda chitenje cha madam, udzudzu ukundidya, ine nditaima pansi pa mtengo wa mango ndikunong'ona kuti kodza, kodza mwana. Neba wanga amalawira kumzikiti mbandakucha, anandipeza choncho kangapo ndipo tsiku lina anandifunsa mwaulemu kuti kodi zinthu zili bwino kunyumba, ngati pali vuto tiuzeni. Mumdima kagalu sikamaoneka, amangoona bambo wamkulu mu chitenje akuyankhula ndi mtengo.

Koma zinkayenda ndithu. Mpaka Loweruka lomwe apongozi aamuna anabwera kuchokera ku Namwera.

M'mawa onse ndinali pa chipwirikiti, kusaka chambo, makala, zakumwa, ndiye za nthawi ya Mkango zinachoka mmutu. Ana anakapatsa nsima ndi usipa, kanamwa madzi, anathamangitsana nako pabwalo, zonse zija adokotala anatchula zinachitika pakamodzi. Apongozi anafika, anavula nsapato zawo zachikopa pakhomo, zija amavala ku ukwati ndi kumaliro kokha, nkukhala pampando. Ine ndinanjuta chapatali manja pamodzi kuyamba malonje.

Malonje a apongozi anga si a mphindi ziwiri. Amayamba ndi mvula ya chaka chatha, mitengo ya feteleza, mwendo wa amayi, mbuzi yomwe inasowa. Ali pa feteleza ndinaona Mkango pakhomo akununkhiza pansi. Kenako anayamba kuzungulirazungulira. Amene anasungapo kagalu akudziwa kuti zikafika apa mwatsala ndi masekondi. Koma mkamwini angadzuke bwanji apongozi ali pakati pa nkhani? Ndinayesa kutsinzinira madam, iwo ali gwa kumvetsera bambo awo. Ndinatsokomola. Apongozi anati pepani akamwini, chifuwa chavuta chaka chino, nkupitiriza za mbuzi.

Mkango anakwera ndi miyendo yakumbuyo pa nsapato yakumanzere nkunjuta. Ana agalu sakweza mwendo, amanjuta, ndiye zonse zinalowa mkati, pansi sipanagwe ngakhale dontho. Ine ndikuyankha kuti inde bambo, zoona bambo, thukuta lili kamukamu.

Ndinapanga pulani yoti tikamadya ndizembe ndikakhuthule. Koma chakudya chisanafike apongozi anati akufuna aone kuseri. Anaponda yakumanja bwinobwino. Yakumanzere inalira kuti fwaa. Anaima, anayang'ana denga la khonde, dzuwa lili phwee kopanda ndi kamtambo komwe. Ine mwachangu ndinati mwina ndi ana bambo, amasewera ndi madzi. Apo mwana wanga wamng'ono, amene ndimamulipirira fizi ine, anati ayi agogo ndi Mkango, adadi amaona.

Madam anathawira kukhitchini, ndimangomva mapoto akugwedezeka ndi kuseka. Apongozi anavula sokosi pang'onopang'ono nkufunsa kuti Mkangoyo ndi uti. Atawalozera anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anati akamwini, ndiye akuba athawadi.

Nsapato ndinaichapa ndi sopo nkuyanika kuseri. Chomwe ndinaiwala nchoti galu amabwerera pomwe pali fungo la mkodzo wake, mphuno yathu imati zayera koma yake imati chimbudzi ndi pano. Madzulo tikuti apongozi avale azipita, tinapeza Mkango wadzazanso yomweyo.

Anakwera minibasi ya ku Namwera atavala masilipasi anga, nsapato zili mu jumbo. Pano akaimba foni safunsa za ine, amauza mwana wawo kuti mkamwini mumuuze 2 koloko yakwana akatulutse bwana wake.