Zikomo, tuthovu tija tamveka

Zatheka abale. Ntchito ija yomvetsera phokoso la tuthovu ta nthunzi topangidwa ndi laser m'madzi yatha, lipoti lalandiridwa. Ambuye alemekezeke, inu mukudziwa mmene zinalili.

Oyamba kuwathokoza ndi amisiri athu a mu labu, achikulire aja. Kuti mumvetse zimene anachita, ntchitoyi imayenda motere. Kuwala kwa laser kukatuluka m'madzi pansonga ya fiber (kachingwe ka galasi kodutsamo kuwala) pa 1.94 µm, womwe ndi utali wa funde la kuwala kumene madzi amakumwa kwambiri, kamalo kakang'ono kamatentha kupitirira madigiri 100 koma osawira, nthawi zina mpaka kuyandikira 300, kenako kathovu n'kubadwa mwadzidzidzi. Hydrophone, yomwe ndi maikolofoni ya m'madzi, imamva kugunda kuwiri, pobadwa ndi pophwa, ndipo mpata wa pakati pake ndiwo umatiuza kukula kwa kathovuko. Mwa masamu a Lord Rayleigh a 1917, kathovu kotalika milimita imodzi kuchoka pakati kufika m'mphepete kamatenga ma microsecond pafupifupi 91 kuti kaphwe (sekondi imodzi ili ndi ma microsecond miliyoni imodzi).

Koma pa oscilloscope, makina oonetsa zimene hydrophone yamva, pamaoneka kugunda kwambirimbiri, ndipo achikulirewo ndi amene anasiyanitsa kwenikweni ndi kwabodza. Phokoso m'madzi limathamanga mamita pafupifupi 1,480 pa sekondi, ndiye khoma la chidebe likakhala mamilimita 15 kuseri kwa kathovu, phokoso lobwerera limafika patangopita ma microsecond 20. Nzeru yawo inali yosuntha fiber kuti italikire khoma. Kugunda kumene kwasuntha nayo, kumeneko n'kobwerera. Bambo, zikomo.

Ndiwonso ankaumirira kuti madzi achotsedwe mpweya kaye. Mukapanda kutero, kampweya kamatsalira pansonga ya fiber, kathovu kotsatira kamabadwa msanga madzi asanatenthe mokwanira, kamakhala kakang'ono, ndipo kamaphwa mofewa moti hydrophone imangomva pang'ono. Nsongayo ankaiyang'ana pa microscope tisanayambe, ikakumbika amaidulanso. Tuthovuti tikamaphwa timadya galasi, anthu ambiri sakhulupirira.

Anzathu amene munatibwereka kamera yothamanga ija kuti tifananize zithunzi ndi phokoso, Mulungu akudalitseni. Mabanja athu, mwapirira. Ena aja ankati ife tikungowiritsa madzi, foni osayankha pamene tinkasowa hydrophone yachiwiri, lipoti lilipo, mukhoza kuwerenga.

Achikulire, dzina lanu lili m'mawu othokoza a lipotilo, koma ife tikudziwa kuti limayenera kukhala patsamba loyamba. Ambuye akupatseni mphamvu ndi moyo wautali.