Nyanja inali itapita kokayenda

Ndinafika ku Jambiani dzuwa lili paliwombo, m'chikwama muli ulusi wabuluu wamitundu 14. Ndinauwerenga ndili m'boti lochokera ku Dar es Salaam, poti maola awiri pamadzi amafuna chochita. Panali patapita miyezi yambiri ndisanasoke kanthu kondigwira mtima. Makina anali atafunda nsalu pakona, ine n'kumangodula zigamba n'kumaziunjika m'dengu. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndikakangoiona nyanja yamchere ndi maso angawa, mutu utseguka.

Kutsika galimoto, ulendo kugombe. Nyanja kulibe.

Sindikukokomeza ayi. Kunali mchenga wonyowa, woyera mbee, kuyambira pamapazi anga mpaka komwe maso amathera. Ngalawa zinali zitagona chammbali pamchengapo. Kutali uko kunkaoneka kamzere ka thovu, pomwe mafunde amaswekera pamatanthwe a korali. Mnyamata wa panyumba yogona alendo atandiona nditagwira m'chiuno anaseka, n'kunditchula dada, kutanthauza mchemwali m'Chiswahili. "Dada, musadandaule, ibwera madzulo. Yangopita kokayenda."

Jambiani ili kum'mwera chakum'mawa kwa chilumba cha Unguja, ku Zanzibar, ndipo gombe lake n'lathyathyathya kwambiri. Madzi amaphwa kawiri patsiku n'kudzazanso kawiri, ndipo tsiku lililonse amachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 poyerekeza ndi dzulo lake, chifukwa amatsata mwezi osati wotchi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukapita kumdima, madzi amatsika mamita oposa 3 n'kuthawa mtunda wautali. Nthawi imeneyi eni ake amaitchula kuti bamvua. Masiku amene madzi amangogwedezeka pang'ono amati maji mafu, ndipo apa sindinafune womasulira: madzi akufa. Ine mosadziwa ndinafika pa bamvua.

Madzulo inabweradi, ndipo masiku awiri otsatira ndinawataya ndi dala. Ndinkakhala pamthunzi ndi ulusi wanga uja, n'kumausendeza kumaso kuti ndipeze wofanana ndi madzi. Ndikati ndaupeza, pomalowetsa m'singano mtundu wasintha kale. Pafupi ndi gombe madzi ndi obiriwira mowala, chifukwa ndi osaya ndipo mchenga woyera wa pansi umabweza kuwala. Kuseri kwa matanthwe ndi buluu wakuda bii. Mtambo ukangodutsa, zonse zimatuwa ngati ndowa yakale. Zimene ndinasoka masiku amenewo ndikuchita nazo manyazi: timizere tokhotakhota tabuluu, tofanana ndi chithunzi cha nyanja chimene mwana aliyense amajambula asanaionepo.

Tsiku lachitatu, madzi ataphwa, ndinaona amayi akulowa pamchenga paja mondondozana, ena atasenza matumba, ena mitolo ya zingwe. Ndinasiya ulusi m'chipinda n'kuwatsata. Tinayenda ndithu, madzi olekeza m'kakolo, ine ndikuponda mosamala kuopa tinyama taminga tija tobisala m'maenje.

Kumeneko ndinapeza minda, minda yeniyeni koma ya m'madzi. Zikhomo zamitengo zokhomedwa m'mizere, pakati pake zingwe za nayiloni zokungidwa bwino, ndipo pachingwe chilichonse timitolo ta ndere za m'nyanja tomangidwa motalikirana pang'ono. Nderezi amazitchula mwani. Ulimi umenewu unayamba mwamphamvu mu 1989 ndi mbewu yochokera ku Philippines, ndipo ambiri amene amauchita ndi amayi. Pakatha milungu pafupifupi 6 amakolola, kuyanika, n'kugulitsa kwa otumiza kunja, komwe amatengamo mankhwala olimbitsa zinthu monga mankhwala otsukira mano.

Mayi wina wachikulire anali atakhala pansi m'madzimo, miyendo tambalale, chingwe chili pamiyendo. Ndinawapatsa moni wa akuluakulu wa shikamoo, anandiyankha osadzutsa mutu. Ndinanjuta pambali pawo n'kumayang'ana zala. Amathyola kanthambi, kukalowetsa m'kalupu, kukoka, kusuntha chingwe. Kuthyola, kulowetsa, kukoka, kusuntha. Mtunda wa pakati pa mfundo ndi inzake unali umodzimodzi ngati ayeza, chonsecho maso ali kwa mnzawo amene ankacheza naye. Atatopa ndi kundiona ndikungoyang'anitsitsa anandiponyera chingwe. Mfundo yanga yoyamba inamasuka, kandere n'kuyandama kumapita. Yachiwiri ndinamanga molimba mpaka kanthambi kanaduka. Anandimenya pang'ono padzanja n'kundionetsanso, pang'onopang'ono, ngati mmene amaphunzitsira mwana kugwira singano.

Nditaimirira kuti ndiwongole msana, m'pamene ndinauona munda wonsewo bwinobwino. Zingwe zoyenda mbali imodzi, mfundo zodutsa mbali inayo, zikhomo m'mphepete ngati mpendero. Inali nsalu yoyalidwa pansi pa madzi, ndipo munalibe buluu ngakhale pang'ono. Munali kufiirira kwa ndere, kutuwa kwa mitengo yodyedwa ndi mchere, ndi kuyera kwa mchenga umene madzi pothawa anausiyira timizere ngati nsalu yokwinyika.

Pobwerera ndinafunsa za milu ya miyala imene ndinkaiona pamchengapo. Pansi pake amakwirira makoko a kokonati kwa miyezi ingapo kuti madzi amchere awafewetse. Akawafukula amawamenya ndi mtengo mpaka luzi lake litamasuka, kenako n'kupota chingwe pamwendo. Mayi aja anandipatsa kachingwe kotalika ngati mkono. N'kokhakhala, konunkha matope, ndipo pa zonse zimene ndinabwera nazo n'kamene ndimakasunga pabwino.

Nzeru zikabwera mochedwa zimabwera ndi phuma. Madzulo amenewo ndinatenga nsalu yathonje yoyera imene ndinanyamula, ndinaikulunga pa unyolo wadzimbiri wa nangula wakale, n'kuimanga ndi zingwe kuti madzi akadzaza ailembe okha. Ndinaiwala za mphindi 50 zija, komanso mfundo zanga zinali zija zomwe. M'mawa ndinapeza theka la nsalu litapita ndi madzi, theka lotsalalo litang'ambika m'mbali, lodzaza mchenga. Ndinakwiya, osadziwa wokwiyira. Koma nditaitsuka n'kuiyanika, dzimbiri linali litasiya mizere yofiirira yodukaduka, pena yakuda pena yozimiririka, yoti dzanja langa silikanaiganiza. Osoka anzanga dziwani kuti dzimbiri limadya nsalu pakapita nthawi, choncho muzitsuka kwambiri ndipo musaiike pa chovala chochapachapa.

Chigamba chimenecho ndi chimene chili pamwendo panga pano. Ndachiika pa nsalu yotuwa yokhuthala, ndipo ndikusoka pamanja mizere yowongoka, singano kulowa n'kutuluka, n'kumamanga mfundo pakatha zala zinayi zilizonse. Kachingwe ka kokonati kaja kagona chopingasa cha m'munsi, nditakagwiritsa ndi ulusi wopyapyala. Pa ulusi wabuluu 14 uja ndagwiritsapo umodzi wokha, wakuda uja, kamzere kamodzi kumwamba kwenikweni, komwe nyanja inkadikirira kuseri kwa matanthwe. Mizere yatsala 9, ndipo chala chapakatichi chayamba kale kutuluka chithuza.