Zikomo nonse munatigwira mkono pa matenda a mayi

Abale anga a kuno ku Mangochi ndi inu muli kutali, ndati ndisangokhala chete ngati palibe chomwe munatichitira. Mayi ali bwino, bala la opaleshoni ya khansa ya m'mawere lija linapola, ayambanso kupita kudimba ngakhale tikumakangana nawo kuti asamanyamule ndowa ndi dzanja la mbali yomwe anachotsa bere.

Ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti nanga zowotcha zija zili pati, mwasonkha zingati, munyamuka liti. Yankho ndi loti sitipita. Madokotala anati mayi sakufunika radiotherapy, kuwotcha khansa ndi makina kuja, ndipo ndifotokoze bwino apa chifukwa zayamba kale kumveka kuti anatikaniza poti ndife osauka. Ayi ndithu, si choncho.

Tsiku lotenga zotsatira za ku labu ku Queen's, dokotala wachizimayi anatikhazika pansi ine ndi amalume, anatenga pepala nkujambula bere ndi khwapa ndi bolopeni yake, nkuyamba kutiuza m'Chichewa chomveka, penapake amalume akumamasulira mayi m'Chiyao. Anati si aliyense wochitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere amene amawotchedwa, amayang'ana zinthu zingapo. Akachotsa chotupa chokha bere nkulisiya, pamenepo pafupifupi onse amafunika kuwotcha kuti khansa isabwerere pamalo omwewo, kupatula amayi ena achikulire amene chotupa chawo chinali chaching'ono komanso chomvera mapiritsi a mahomoni. Koma akachotsa bere lonse ngati mayi, amaona kukula kwa chotupa, makamaka chikaposa masentimita 5, amaona ngati khansa yafika mu timwanabere ta m'khwapa, ndiponso ngati m'mbali modula muja munatsalira khansa. Kwa mayi chotupa chinali chaching'ono, m'khwapa munalibe kanthu, m'mbali moyera. Ndiye anati kuwawotcha kukanangowapatsa mavuto, khungu kupsa ndi kuda, kufooka, mwinanso dzanja kutupa, phindu lake lochepa kwambiri, komanso linali bere lakumanzere kufupi ndi mtima. Anawapatsa tamoxifen, piritsi limodzi tsiku lililonse kwa zaka zosachepera 5, ndi madeti a sikelo yawo.

Adokotala inu, sinditchula dzina koma mukawerenga mudzizindikira, Mulungu akudalitseni. Panja panali mzere wautali koma simunatithamangitse, amalume anafunsa funso lomwelo kangapo inu nkumayankhabe mofatsa.

Komano musatenge nkhani ya mayi nkumauza anzanu kuti kuwotcha nkosafunika, chonde. Mu wodi momwemo munali mtsikana wina wa ana aang'onoang'ono, iyeyo khansa inali itafika m'khwapa, anamuuza kuti alandire chemo, mankhwala amphamvu opha khansa aja, kenako akawotchedwe, ndipo kwa iyeyo ndi chithandizo chenicheni chopulumutsa moyo. Mchemwali wanga wa mu wodi iwe, ngati ukuona izi, mayi amakufunsa pafupipafupi. Bola pano makina owotchera aja alipo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kale zonsezi anthu ankachita kuwatumiza ku India, Tanzania kapena Zambia, amalume nkuona anali atayamba kale kufunsa mtengo wa boti lawo kuti agulitse.

Zikomo manesi a pachipatala cha boma pano pa Mangochi amene munagwira kachotupa kaja nkunena kuti tisazengereze, tipite akapime. Zikomo amayi a ku mzikiti kwa amalume ndi amvano a mpingo wathu, munkasinthana kuphika ngati banja limodzi. Achimwene a ku Joni, zija munatumiza pa Airtel Money zinatifikitsa ku Blantyre ndi kubwerako. Adalaivala a minibasi amene munawapatsa mayi mpando wakutsogolo nkumayendetsa pang'onopang'ono m'mabampu kuchokera ku Liwonde, ndi azakhali a ku Ndirande amene munatisunga m'kanyumba kanu, sindingathe kukubwezerani.

Za ndalama zomwe munasonkha za radiotherapy, ndinapita kwa amayi a banki m'khonde kuti ndibweze poti ulendo uja palibe, anakana, anati zisungidwe zikhale za thiransipoti ya macheki a mayi. Zalembedwa m'kope kwa msungichuma, amene anasonkha ndipo akufuna kuona kapena kutenga gawo lake andiimbire, palibe vuto ngakhale pang'ono.