Zikomo nonse, Ndaziona Mphatso wafika kunyumba

Abale ndi alongo, anzanga a kuno ku Leeds ndi inu nonse a kumudzi, mundikhululukire chifukwa chokhala chete masabata onsewa. Mauthenga anu ndinkawawerenga, ena pakati pa usiku ndili pampando wa m'chipatala, koma mphamvu zoyankhira ndinalibe. Lero mwana wathu wakwanitsa sabata yathunthu akugona kunyumba, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuthokozeni bwinobwino. Ndikuuzaninso za dzina lake, pakuti ambiri mwakhala mukufunsa zimenezi, ndipo ena mwa inu munatithandiza kulipeza.

Anabadwa mimba ili ndi masabata 31 okha. BP yanga inakwera mwadzidzidzi, miyendo inatupa, mutu unkawawa ngati ukung'ambika, ndipo madokotala anati kudikira kungaike pachiswe moyo wa tonse awiri. Anandibaya jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana, kenaka opaleshoni. Analemera makilogalamu 1.4. Tsiku limenelo sindinamugwire n'komwe. Nditamuona mawa lake anali m'kabokosi kofunditsira ana obadwa masiku asanakwane, kapaipi kodyetsera kali kukamwa, makina omuthandiza kupuma ali pamphuno. Ndinatumiza chithunzi kwa msuweni wanga amene ndi namwino ku Blantyre. Iye anandiyankha kuti: "Usaope, makina ogwira ntchito yomweyo kunonso tili nawo, timawatcha Pumani. Anawapanga a ku Rice University mogwirizana ndi madokotala a pa Queens, ndipo ana ochepa kuposa wakoyo amachira." Msuweni, mawu akowo anandilimbitsa mtima, komanso anandiliza. Kwathu ngakhale makina ali ndi dzina, pamene pakakhadi ka mwana wanga panangolembedwa kuti mwana wamkazi wa uje.

Kwathu mwana satchedwa dzina tsiku lobadwa. Amayamba wakhala m'chikuta ndi mayi ake mpaka mchombo utagwa, kenaka akuluakulu amamutulutsa n'kumutcha dzina, wotchayo ali ndi kanthu m'manja. Chikuta cha mwana wathu chinali kabokosi kaja. Amayi ankaimba foni m'mawa uliwonse, moni asanamalize n'kufunsa kuti, "Mchombo wagwa?" Unagwa tsiku la 11, koma ife dzina tinalibe. Chonsecho lamulo la kuno ku England limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 chibadwire, ndipo masikuwo ankatha ife maso ali pa manambala a makina.

Si kuti mayina anasowa. Tinagwirizana kalekale, monga amachitira mabanja ambiri, kuti mwana woyamba adzamutche ndi akuchimuna. Apongozi anga ku Dowa dzina anali nalo chikonzekere: Mphatso. Limeneli linali dzina la mwana wawo woyamba, alamu anga, amene anatisiya ine ndisanalowe m'banjali. Iwowa anasiyira sukulu Fomu 2 n'kuyamba kugulitsa mandasi ndi tomato pa Mponela kuti mlongo wawo, amene lero ndi bambo a mwanayu, aphunzire. Sanaone mlongo wawoyo akulandira malipiro ake oyamba. Nditamva dzinali ndinavomera ndi mtima wonse.

Amene anayamba kuvutika nalo ndi bambo akewo. Usiku wina tikuchokera kuchipatala anaimitsa galimoto, n'kukhala kanthawi osalankhula. Kenaka anati, "Ukudziwa mmene adzaliwerengere kuno?" Ndinkadziwa. Mngelezi akaona p ndi h zitagundana amawerenga f, n'chifukwa chake a Phiri onse okhala kuno amaitanidwa Firi pa mzere wa kwa dokotala. Thokozani amamutchula ataluma lilime. Mawu oyamba ndi m kapena n kutsogolo kwa chilembo china chosakhala a, e, i, o, u amawalemera pakamwa, ndiye amayamba aikapo e kutsogolo, kapena chilembocho amangochitaya. Mukachotsa m pa Mphatso, ph n'kusanduka f, chotsala ndi fatso, mawu amene ana a kuno amanyozera mnzawo wonenepa. Bambo akewo anali akuona kale kamwana ka zaka zisanu kali pabwalo la sukulu, dzina la mlongo wawo wokondedwa litasanduka chitonzo. Aka kanali koyamba kuti ndiwaone akulira chichitikire zonsezi.

Ambiri munatipatsa nzeru, ndipo zonse tinazilandira ndi manja awiri. Ena munati tingomutcha Gift, tanthauzo ndi lomwelo. Ena munatumiza mayina osavuta pakamwa pa mzungu: Tadala, Chisomo, Tamanda, Takondwa. Ndi mayina okoma, ndipo amene munasankha mayina a Chingelezi kuti ana anu asavutike sindikukuweruzani ngakhale pang'ono, chifukwa mantha amenewo ndawalawa. Kungoti ife sitinkafunafuna tanthauzo. Tinkafuna munthu. Alamu anga sanali Gift. Amayi awo akamawaitana kuchokera kudimba ankati Mphatso, ndipo mawu amenewo ndi amene apongozi ankafuna kuwamvanso akutuluka pakamwa pawo.

Ine ndinali ndi dzina langa mumtima, koma ndinkalisungira mwana wachiwiri. Agogo anga akuchikazi, amene anandilera amayi ali pantchito m'tauni, aliyense ankangowatchula ndi mfunda wawo. Palibe mwana amene akanayerekeza kutchula dzina lawo lenileni, ndipo ine ndinalidziwa ndili wamkulu ndithu, nditaliona pakhadi lawo la Mvano m'kati mwa buku la nyimbo: Ndaziona. Anabadwira cha ku Lunzu mu 1949, chaka cha njala yaikulu ija, mvula itakanika, anthu akukumba mizu m'tchire, amuna ambiri atachoka kukasaka chakudya kutali. Amayi awo anali ataika kale ana atatu m'manda. Pomutcha mwanayo Ndaziona ankanena zimene maso awo anaona. Makolo athu ankachita zimenezi, mayina ngati Mavuto, Maliro ndi Tsoka anali mbiri ya pakhomo yoikidwa pa mwana. N'chifukwa chake ndinkaliopa. Ndinkadzifunsa kuti kodi mwana amene akumenyera mpweya ndingamusenzetse dzina la misozi?

Apa ndithokoze amalume, eni mbumba. Amalume, munandimvetsera ndikulira pafoni osandidula mawu, kenaka munandifunsa kuti, "Kodi mwana wa mlongo wanga, dzinalo likunena kuti waona chiyani?" Ndinasowa yankho. Munati, "Silikunena. Zi ameneyo n'chiyani? Akhoza kukhala zowawa, akhoza kukhala zodabwitsa. Agogo ako anaona njala, inde, koma anaonanso zidzukulu zitadzaza bwalo, anaona iwe ukukwera ndege. Pomwalira paja akanati ndaziona, ukuganiza akananena za njala yokha?" Zaka zonsezi ndakhala ndikulimva dzinali mbali imodzi. Inu munalitembenuza ndi funso limodzi.

Chotsala chinali chovuta koposa, kuwauza apongozi. Tinadikira Lamlungu masana, mdzukulu wawo wina atapita nayo foni pachulu pamene netiweki imagwira. Bambo akewo anafotokoza mwapang'onopang'ono, mawu akunjenjemera. Apongozi anakhala chete nthawi yaitali moti tinkayesa foni yaduka. Kenaka anati, "Ndipatseni apongozi angawo." Nditalandira foni anati: "Amayi, mwavutika. Ine mwana wanga ndinamutcha Mphatso kuti anthu azikondwera akamutchula. Sindingalole kuti dzina lake likalize mdzukulu wanga kudziko la eni. Komanso sindikufuna lifere m'manda. Kwanuko kulibe dzina?" Ndinawauza la agogo, ndi zimene amalume ananena. Anati, "Limenelo likhale kutsogolo, kusukulu azikaitana limenelo. Langali likhale pambuyo pake. Koma pakhomo panu lizimveka, ndipo ine ndizimuitana Mphatso."

Amayi, ufulu wotcha mwanayu unali wanu, ndipo palibe akanakutsutsani mukanaumirira. Munagawana nafe ufuluwo pamene inuyo ndi amene munataya mwana. Ndilibe mawu okwanira. Ambuye akusungeni mpaka mudzamunyamule.

Ndaziona nalonso si lophweka kuno, musaganize kuti tinathawira kosavuta. Tsiku loyamba linatuluka Endaziona, kwa ena Nadziona. Munthu wina atalimva anandifunsa ngati palibe lalifupi. Koma limeneli akalilakwitsa limangopindika, silisanduka chipongwe, ndipo kupindikako kumawongoleka. Ndinaziona ndekha kuwodi kuja, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuthokoza anamwino awiri amene sindingawatchule mayina.

Woyamba ndi mayi wa ku Zimbabwe amene ankagwira usiku. Ataona mayina awiriwo pakakhadi anawawerenga bwinobwino ulendo woyamba womwe, ine n'kudzidzimuka. Anati agogo ake aamuna anachokera ku Nyasaland wapansi kukagwira ntchito m'mafamu, ndipo Chichewa anachimva ali mwana. Anandiuzanso kuti m'Chishona mphatso amati chipo, ndipo ndi dzina la atsikana ambiri kwawo. Usiku umene mwana anadwala chikasu, atamuika pansi pa nyale ya buluu maso atamuphimba, mayiyu ndi amene anakhala nane, akumuitana mwanayo mayina onse awiri ngati wakwawo.

Wachiwiri ndi mtsikana wachizungu, wobadwira konkuno ku Yorkshire. Iyeyu anabwera ndi cholembera n'kunena kuti ndimuphunzitse, sakufuna kumangoti mwana wa pabedi lachitatu. Ndinatenga katishu n'kukaika patsogolo pa milomo yanga. Ndinati pala, katishu sikanagwedezeke. Ndinati phala, kanauluka. Ndinati kola, kenaka khola. Ndinamuuza kuti h wathu si chilembo chosintha p kukhala f, ndi mpweya chabe, ndipo mpweyawo ndi umene umasiyanitsa mawu. Za m ndi n woyambirira ndinati atseke pakamwa ang'ung'udze pang'ono, asaikepo e, kenaka amasule. Ndinamuonetsanso kuti mawu athu amakoka pa mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto, Ndazi-o-na, ndipo a womaliza samezedwa. Anayeserera kangapo, katishu kali m'manja. Mawa lake ndinapeza atalemba katchulidweko pansi pa dzina kuti anzake a masana aone, ndipo pofika sabata yotuluka ngakhale dokotala wamkulu ankati Ndaziona pozungulira m'mawa. Sizinatenge maphunziro ambiri. Zinangofunika munthu mmodzi wofuna.

Amayi a kumpingo, munagawana masiku osatiuza. Tinkangopeza pakhomo nsima yofundira bwino, nkhwani wotendera, usipa umene wina anausunga kuchokera ulendo wake wa kumudzi. Mayi wofinya mkaka maola atatu alionse amamva njala yosaneneka, ndipo inu munadziwa zimenezo popanda kufunsa. Aneba athu, amene munandiperekeza kuchipatala m'mawa uliwonse masabata amene sindinkaloledwa kuyendetsa galimoto chifukwa cha bala, zikomo. Anzawo a kuntchito a bambo akewo amene munasinthana nawo mashifiti, zikomo. Inu a kumudzi amene munasonkhana kupemphera, ndi inu amene munatumiza kangachepe pamene ife ndi amene timayenera kutumiza, Mulungu abwezere pamene mwachotsa.

Mchemwali amene munanyamula kaphukusi kuchokera kwa amayi pobwerera kuno, mwina simunadziwe chimene munanyamula. Munali chitenje cha agogo. Chinafika mwana atayamba kuloledwa kutuluka m'kabokosi kuti ndizimuika pachifuwa, khungu kukhungu, njira ija ya kangaroo imene kwathu inayambira pachipatala cha Zomba mu 1999. Anamwino ankafuna kundipatsa nsalu yawo yomangira, ine ndinapempha kuti chitenjecho chichapidwe tigwiritse chimenecho. Ndaziona wamng'ono anagona m'chitenje cha Ndaziona wamkulu maola ambiri tsiku lililonse, ndipo sikelo inayamba kukwera. Tinatuluka tsiku la 36 akulemera makilogalamu 2.2, akuyamwa yekha.

Tinakamulembetsa tsiku la 40. Wolembetsayo anatipempha kuti titchule chilembo chimodzichimodzi, anatembenuza chikalata kuti tione ngati zili bwino, kenaka anafunsa katchulidwe kake. Bambo akewo anatchula mayina onse awiri mokweza, la mlongo wawo osalifulumiza.

Amene mukufuna kudzamuona, tikupempha mutipatse kaye masabata angapo. Madokotala atichenjeza kuti chimfine wamba n'choopsa kwa mwana wobadwa masiku asanakwane, ndiye amene ali ndi chifuwa adikire achire, ndipo tonse tizisamba m'manja tisanamugwire. Mukabwera muitaneni dzina limene lakukomerani mwa awiriwa, onse ndi ake. Ana anu obadwira kuno akalephera kutchula musawakalipire, mubwere nawo, katishu kalipo.

Panopa foni imalira kawiri m'mawa uliwonse. Apongozi amayamba, "Mphatso wadzuka bwanji?" Kenaka amayi anga, amene mpaka lero sangathe kutchula dzina la mayi awo owabereka. Iwo amatsitsa mawu n'kufunsa kuti, "Amayi agona bwanji? Ayamwa?"