Mvumbi wa ku Nthanda

Sabata yatha kuno ku Kasungu kunagwa mvumbi masiku atatu, phiri osaoneka n'komwe. Sola yanga ya padenga, imene ndimatchajira mafoni a anthu, inangosanduka lata wamba. Pofika 2 koloko batire linali litatheratu, makasitomala n'kumabwerera ndi mafoni ozima. Ndili khale pakhonde ndinkadzifunsa kuti kodi dzuwa lonse lija likuthera pati.

Maganizo anandifikitsa kwa Nthanda, ija agogo ankatilozera m'mbandakucha tikamalawirira kumunda. Imeneyo ndi pulaneti Venus, ndipo kumeneko mitambo siichoka. Imawala chonchija chifukwa mitamboyo imabweza pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kuwala kwa dzuwa. Ndipotu ndi mitambo ya asidi, mtundu womwewu uli m'batire langa, umene unandibowolera buluku chaka chatha.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene asayansi anayezera kuwala kwa dzuwa kumeneko. Uli kunja sungadziwe kuti kuwala kotsalako kukumwedwa pati, mpaka ulowemo. Chombo cha Venera 8 cha dziko la Soviet Union chinatera pa Venus mu 1972 n'kupeza kuti pansipo masana pamaoneka ngati tsiku la mitambo kuno kwathu. Kenako pa 9 Disembala 1978 chombo cha Pioneer Venus cha NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, chinatsikira m'mitambomo chitanyamula kachipangizo ka gulu la asayansi lotsogozedwa ndi a Martin Tomasko. Kankayeza kuwala kotsika ndi kuwala kobwerera m'mwamba. Ukachotsera kobwererako pa kotsika, umapeza kumene kwalowadi. Ukatsika pang'ono n'kuwerengeranso, kumene kwaperewera ndiye kuti kwamwedwa pakatipo. Ndi masamu omwe ndimachita madzulo aliwonse pa ndalama zolowa ndi zotuluka, koma iwo ankawachita chombo chikugwa.

Anapeza kuti pa magawo 100 a kuwala kofika ku Venus, okhudza nthaka sakwana atatu. Komabe pansipo pamatentha madigiri oposa 460, chifukwa mpweya wa carbon dioxide, wochindikala kwambiri, sulola kutentha kutuluka.

Pafupifupi theka la mphamvu imene pulanetiyi imamwa limathera pamwamba penipeni pa mitambo. Pali chinthu pamenepo chimene chimameza kuwala kwa ultraviolet, kumene maso athu sangakuone, ndipo asayansi akukanganabe kuti n'chiyani. Nkhani imeneyi ndimaitsatira ngati ligi.

Lachisanu kunayera. Ndinakwera padenga ndi kansanza kukapukuta sola, ndipo isanakwane 10 koloko mafoni asanu ndi awiri anali pamoto.