Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Ndowa ya madeya

Sabata yatha ndinalekezera pomwe bambo ananyamuka ulendo wa ku Joni osabweranso, lero ndikambe za amalume, alongo awo a mayi, omwe anandilera ku Lizulu.

Njala ya 2002 ija inandipeza ndili ndi zaka 13, nditangoyamba kugona ku gowelo. Kumeneko wamkulu wathu anali wa zaka 17 basi koma timamumvera ngati mfumu, usiku uliwonse amatiuza kuti mwamuna salira, mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, ndipo ine ndimameza zonsezo poti panalibenso wina ondiuza.

Tsiku lina mu February amalume anandidzutsa tambala asanalire, "Mphwanga dzuka, tenga khasu." Pa Lizulu ukangodumpha msewu wa M1 uli ku Mozambique, ndiye tinayenda mpaka dzuwa kutuluka kukasaka ganyu wobandira chimanga ku Angonia, malipiro ake ndowa imodzi ya madeya. Masana eni munda anatipatsa mitanda iwiri ya nsima, amalume nkukankhira yonse kwa ine akuti m'mimba mukuwapota, ine ndi njala yangayo ndinangodya osafunsa.

Pobwerera anangokhala pansi m'mbali mwa njira, miyendo ikunjenjemera, chingwe chomwe amamangira buluku anachikungitsa mpaka chinazungulira kawiri. Misozi ikutsika, ndipo sanaibise ayi. Anangoti "Senza ndiwe, ine miyendo yakana." Ndowa ija ndinakaitula ndekha pakhomo pa mayi, khosi linawawa masiku atatu. Mpaka lero ndikaikumbuka nsima ija mtima umandipweteka.

Pano amalume ndine. Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 15, foni siichoka m'manja, za uchamuna akuzimvera pa TikTok ndi kwa anzake a beti, akuti Fomu 1 aisiya ayambe kabaza wa njinga yamoto. Ndinamukalipira kawiri konse sizinathandize. Loweruka ndinangomutenga kukapikula kachewere ku Tsangano, ndalama ndinamusungitsa iyeyo, matumba timakweza limodzi, za sukulu sindinatchule olo kamodzi. Pobwerera tili pamwamba pa lole anayamba yekha, "Ankolo, anzanga amandiseka kuti mwamuna opanda ndalama ndi mwana."

Zomwe ndinamuyankha, ndi momwe mayi ake anazilandirira, ndidzakamba gawo 7.