Ndakhoza, abale. Zikomo

Ndakhoza mayeso a ndege aja lero m'mawa. Ndikulemba ndili chigonere pabedi, nsapato sindinavule, manja akunjenjemerabe, ndiye zikatuluka zosalongosoka mundikhululukire.

Ambuye Mulungu, ndi Inu. Pamenepo ndilibe choonjezera.

Za mu Ogasiti nonse mukuzidziwa. M'kandege ka Cessna 172, ndili ndekhandekha, mphepo ya kuno ku Gauteng, ku South Africa, ikuomba cham'mbali. Ndinabwera ndi liwiro, ndege inagunda pansi n'kunjanja, ine m'malo mokankha throttle, choonjezera mphamvu ya injini, kuti ndikwerenso ndinakakamiza mphuno pansi. Inanjanja kachiwiri, kachitatu, tayala lakutsogolo n'kupindika, pulopela n'kupala phula. Ndinatulukamo wopanda ndi bala lomwe. Linavulala ndi thumba la amayi.

Aphunzitsi anga, mayi inu. Chichewa simumva, koma izi ndikumasulirani mawa liwu ndi liwu, mufune musafune. Tsiku lija munafika pamalopo musanafike ena onse, ndipo ndege simunayiyang'ane n'komwe. Munandipatsa madzi, n'kundifunsa ngati amayi ndawaimbira. Masabata atatu amene ndinadzitsekera m'chipinda, ndikuyang'ana mtengo wa basi yobwerera ku Blantyre, foni yanu sinaleke kulira. Ndinkaiona ikulira osayankha. Pepani.

Nditabwerera munandifunsa funso limodzi lokha: unadziwa liti kuti zalakwika? Ndinati ndege itanjanja. Munapukusa mutu. Tinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka ndinavomera ndekha kuti ndinadziwa ndikadali mafiti 300 m'mwamba, liwiro likuwerenga manoti 80 (muyeso wa liwiro la ndege) pomwe limafunika 65. Ndinaona, ndinadziwa, ndinapitirizabe kutsika. Chifukwa chake sindinauzepo munthu kupatula inu, koma lero ndinene: ndinkawerenga ndalama. Kuno ndege umalipira pa ola, ndipo kuzungulira bwalo kamodzi kumadya mphindi pafupifupi 6. Mphindi zimenezo ndinazisandutsa marandi m'mutu, marandiwo n'kuwasandutsa makwacha, n'kuona nkhope ya amayi. Kunalinso manyazi, poti anzanga anali panja akuonerera. Ndinapulumutsa mphindi 6, ndinataya miyezi inayi.

Simunandikalipire. Munangondikweza m'ndege, ola lathunthu osandilola kutera ngakhale kamodzi. Tikafika pafupi ndi pansi, go-around, kutanthauza kusiya kutera n'kukweranso. Tizungulire, tifikenso, go-around. Throttle yonse mkati, carb heat (chotenthetsa mpweya wolowa mu injini) mkati, phazi lamanja pa rudder (chiwongolero cha kumchira), dzanja ligwire mphuno isadzuke mopitirira, ma flaps (timapiko ta kumbuyo kwa mapiko) abwerere pa madigiri 20 osati onse nthawi imodzi chifukwa ndege imamira. Mpaka dzanja linayamba kupita lokha mutu usanaganize. Kenako tinapangana malire, ine ndinawalemba pakapepala kamene kakadali m'thumba la malaya anga: pa mafiti 300 liwiro likakhala losalongosoka kapena ndikakhala ndisanalunjike pakati pa msewu wa ndege, ndikwere. Gawo loyamba mwa magawo atatu a msewuwo likatha matayala asanakhudze pansi, ndikwere. Ikanjanja mwamphamvu, ndikwere, osakambirana nayo. Munandikumbutsanso kuti Johannesburg ili mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, kukatentha mpweya umapepuka, injini imafooka, ndege imakwera ngati yalema. Ukachedwa kuganiza kuno, malo okonzera sapezeka.

Maola ena munakhala nane pansi osalemba pa bilu. Ndinaona. Musaganize kuti sindinaone.

Ndiye lero, kutera komaliza, woyesa mayeso ali pambali panga. Ndinapezeka ndili pamwamba kwambiri, liwiro lachuluka, chimodzimodzi tsiku lija. Mawu aja anabweranso m'mutu, akuti ingoikakamiza, ukazungulira akulepheretsa. Dzanja linali litapita kale. Ndinalengeza pa wailesi kuti ndikuzungulira, ndinakwera. Bambo aja anangolemba kenakake papepala osayankhula, ine mumtima ndikuti basi zathera pano. Ulendo wachiwiri inatera bwinobwino. Titazimitsa injini anandigwira chanza. Inu munali mutaima pampanda, mikono itapindidwa, ngati simunachite kanthu.

Amayi, ng'ombe zija sizinapite pachabe. Lamulo la kuno limati maola 45 ouluka akwanira kupezera laisensi, ine ndadya 71, ndipo simunandifunsepo kuti enawo ndi a chiyani. Amalume, ndalama munatumiza mu Okutobala ija ndikudziwa inali ya feteleza. Achemwali, zikomo pondinamiza tsiku lililonse kuti kunyumba zonse zili bwino. Amalawi anzanga a kutchalitchi amene munkabwera ndi nsima ndi usipa n'kukhala pakhomo mpaka nditsegule, Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsapo. Makaniko amene munandionetsa tayala lopindika lija n'kuseka nane m'malo mondiseka, zikomo bambo.

Amene munatumizirana chithunzi cha ndege yogwada mphuno m'magulu a WhatsApp musanandifunse ngati ndili moyo, nanunso moni. Chinandipeza. Chalero mutumizenso, chili m'munsimu.

Aphunzitsi, ndabwereranso kwa inu, ndikudziwa. Munati ndikakhoza mudzalawa nsima. Loweruka, ndiphika ndekha, ndipo supuni kulibe.

Amayi, foni ikhale ndi moto, ndiimba mukabwera kudimba.